Manja anga ataiwala kuluka

Chizindikiro choyamba chinali m'manja. Ndine Tisa, woluka tsitsi ku komboni ya Mtendere, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba ndili mtsikana kwathu ku Katete. Mvula itayamba chaka chatha, ndinkangopezeka ndaima pakati pa mzere, tsitsi la munthu lili m'zala, osadziwa kumene ndikulowera. Kasitomala ankachita kundigwedeza: "Ba Tisa, mwagona?" Ndinkangoseka, n'kupitiriza kuluka. Mutu nawo unkawawa m'mawa uliwonse.

Ndimakhala ndekha m'chipinda cha lendi. Ana anga awiri ali kwa amayi kumudzi, ndipo amadya za manja anga omwewa. Sindinauze munthu aliyense. Woluka woiwalaiwala, ndani angamupatse mutu wake?

M'malo mopita kuchipatala, ndinamvera foni. Ndinaonamo kanema wa lamba wovala pamphumi, wa batire, amene ankati amatumiza timagetsi mu ubongo kuti munthu aziganiza msanga ndi kukumbukira bwino. Ine, kupusa kwangaku, ndinakamugula m'tauni kwa bambo wopanda ngakhale shopu. Ndinkamuvala mkati mwa duku kuti anzanga a mu saluni asaone. Ankandiluma pakhungu ngati nyerere, ine n'kumati nzeru zikulowa.

Sabata yachitatu, Loweruka, saluni itadzaza, ndinagwa. Ndinatsitsimuka ndili pansi, lilime nditaliluma, chitenje chitanyowa, anthu onse ataunjikana kukhomo. Palibe anandigwira, poti amati thovu la munthu wa khunyu limapatsira. Mwini saluni anangoti, "Mukapumuleko chabe ku nyumba." Lolemba ndinapeza kapu yanga ndi zipeso zanga zili m'pepala panja.

Ndinakhala m'nyumba milungu iwiri. Anzanga a pa lendi ankandipatsa moni ali patali, ndipo pa mpopi ankadikira ndichoke. Ndinalira, abale. Matenda ankandipweteka, koma kusowa wogogoda pachitseko kunaposa.

Nditagwa kachiwiri ndili ndekha, ndinapita ku kiliniki, ndipo ananditumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko n'kudikira basi: pa benchi kuyambira m'mawa, khadi lili m'manja, anzako ali ndi owaperekeza. Anandipatsa tsiku loti adzayeze mmene ubongo ukugwirira ntchito. Namwino anati ndidzabwere nditamasula tsitsi lonse, nditachapa, osadzola mafuta. Ndinali ndi timaluko ting'onoting'ono. Ine amene ndamasula mitu ya anthu osawerengeka, ndinasowa wondimasula. Ndinamasula ndekha masiku awiri, mikono ikuchita dzanzi, kumbuyo ndikungopapasa.

Tsikulo mayi woyeza anandimata timawaya mutu wonse. Ataona kuti ndikuopa anati, "Musayope mami, aka kamakina sikaika vinthu mu mutu. Kamvelela chabe." Zala zake zinali zoyamba kukhudza mutu wanga chigwereni. Kenako anandijambula mkati mwa mutu ndi makina ena, ndipo anapeza timatuza tochokera ku mazira a njoka za m'mimba, amene munthu amameza ndi chakudya kapena madzi. Adokotala anati timatuzato ndi timene tinabweretsa khunyu ndi kuiwalaiwala kuja.

Ndinawaonetsa adokotala lamba uja. Anati makina olumikizana ndi ubongo aliko ndithu, ndipo ena amathandiza odwala, koma amaikidwa ndi akatswiri munthu atayezedwa. Sakanatsimikiza kuti lambayo ndiye anandigwetsa, koma anati mutu wodwala sauseweretsa ndi magetsi. Anawonjezanso kuti matenda a khunyu sapatsirana. Mawu amenewo ndinalakalaka akanawanenera pa msika wa Mtendere.

Ndinagona m'chipatala masiku asanu, kenako n'kupitiriza mankhwala kunyumba. Oletsa kugwa ndikumwabe mpaka pano, osadumphitsa. Miyezi isanu ndi umodzi yatha ndisanagwe, ndipo manja akumbukira ntchito yawo. Ku saluni sanandiitanenso. Ndimalukira pakhonde, ndipo mwa makasitomala anga akale abwerera atatu okha. Mmodzi amabwerabe ndi chipeso chake.

Inu amene mutu wayamba kukuchitani zachilendo, musagule nzeru pa foni, pitani kuchipatala kudakali m'mawa. Ndikanapita mwezi woyamba uja, mwina ndikanalandira mankhwala anthu asanandione ndili pansi. Ubongo wanga madokotala anauchiza, koma zimene anthu anaona Loweruka lija zilibe mapiritsi.