Silinda Yachitsulo Pakhomo la Maginito

Pa kalata ya ntchito analembedwa kuti ndi wokolopa, ndipo m'chipinda cha odwala mwakayakaya onse ankawaitana Mayi Mopu. Koma kwa zaka khumi ndi zinayi, wodwala wopumira makina akati asunthidwe, olongedza anali iwo: kamakina kopumira ka paulendo, chibaluni chopopera mpweya ndi manja, sipanala yotsegulira silinda ya mpweya, pulasitala. Palibe anawatuma. Anangoona tsiku lina sipanala itaiwalika, munthu akuda milomo pakhonde, basi ntchito inawakakamira ngati chisoso.

Lachitatu m'mawa, bambo wa pabedi lachinayi, amene anagwa padenga akukhoma malata, ankapita naye pansi kukamuunika m'mutu ndi makina a maginito. Mpatawo anaudikira masiku asanu ndi anayi, ndipo popanda chithunzicho opaleshoni sikanatheka.

Mayi Mopu anayang'ana silinda yomangidwa kubedi, nagogoda ndi chala.

"Adokotala, iyi ndi yachitsulo. Kumaginito salowetsa. Yopepuka ija, yosakokedwa ndi maginito, anabwereka a ku chipinda cha ana."

"Mayi, mwamaliza liti sukulu ya udokotala?" anatero dokotala wachinyamatayo, maso ali pa wotchi.

"Mutiitane ku phwando lake," namwino anawonjezera, akuseka. "Tiyeni, mpweya ndi mpweya."

Anakankha bedi. Mayi Mopu anasiya ndowa pakona n'kuwatsata, chikwama paphewa.

Pansi, wounika wa kumaginitoko anaima pakhomo atatambasula manja.

"Mukufuna chitsulochi chiuluke chikaphwanye mutu umene mwabwera kudzaunikitsa? Bwererani nacho!"

Onse anacheukira Mayi Mopu.

"Amayi, thamangani ku ana," anatero dokotala.

Tsopano anali amayi. Chikepe chinali chitapita ndi zochapa, ndiye anakwera masitepe, nyumba zitatu zosanja, mawondo akulira. Ku ana anapeza silinda yopepuka ija ili pakona, muvi wake uli pa ziro. Anapita kosungira katundu. Wosunga makiyi anali ku tiyi. Atamupeza, anati abweretse kaye pepala losainidwa.

Pamene ankafika ndi silinda yodzaza pachifuwa ngati khanda, kamakina kanali katazima. Batire yake inali isanadzaze, poti usanafike m'mawa wina anakazula pakhoma kuti atchaje foni. Namwino ankapopa chibaluni, thukuta lili kamukamu, kuseka kutatha. M'makina a maginito munali mutalowa wodwala wina.

"Lachisanu la sabata yamawa," anatero wounika, osadzutsa mutu.

Anamubweza bamboyo akupuma ndi manja a anthu. Pamwamba anapeza mkulu wa anamwino ataima pambali pa ndowa.

"Pansi apa pakolopedwa ndi ndani? Muzidziwa ntchito yanu, mayi."

Mayi Mopu anakokera ndowa pafupi. Anafinya mopu. Adokotala anali atazemera khomo lakumbuyo, ndiye mkazi wa wodwalayo, amene anakhala pabenchi chiyambire m'mawa, anabwera kwa iwo n'kuwagwira mkono.

"Achemwali, inu munapita nawo. Apeza chiyani m'mutu mwa bambo akunyumba?"

Mayi Mopu anatsamiritsa mopu kukhoma, napukuta manja pa epuloni.

"Tiyeni tikhale pansi, m'bale wanga. Sanawaunike."