Pomwe Filimu Inapsa

"Tinaona kale zimenezo!"

Mukamva mawu amenewo pakhonde la wometa, musavutike n'kutembenuka. Ndi mkulu wokonza mawotchi uja, kagalasi kali padiso, mlomo ataupinda ngati walawa ndimu. Anthu anangomupatsa dzina lomwelo, a Tinaonakale, ndipo eni ake ukawaitana amavomera bwinobwino.

Iwowatu sanayambire mawotchi. Zaka makumi awiri ankaonetsa kanema mu holo ija pano amasungiramo simenti. Ankakhala m'kachipinda kam'mwamba kotentha ngati uvuni, malaya atavula, n'kumayendetsa makina, kuwala kukudutsa pakabowo kukagwa pansalu yoyera kutsogolo. Ndiye lero wometa akaika filimu pa TV yake, iwo amangoiponyera diso limodzi.

"Chipewa chogubuduzika ndi mphepocho? Wakuba. Mvula yoyamba kugwa anthu akamatsanzikanayo? Wakubanso. Eni ake anamwalira kalekale, awa akungovala majekete a malemu."

Tsono ali ndi mwana wamkazi, yemwe anakulira m'kachipinda komweko, ataima pa kreti akusuzumira pakabowo. Atakula anayamba kujambula maukwati, kenaka anasonkhanitsa anzake n'kupanga filimu yakeyake. Chimene chinkamusowetsa tulo si kamera ayi, koma pakamwa pa bambo ake. Iwo akati wakuba, msewu wonse umati wakuba.

"Ababa," anawauza m'mawa wa Loweruka, "ndiionetsa kwa wometa masana ano. Mukanena mawu anu aja, basi, ndibwerera kojambula akwati akudyetsana keke, sindidzayesanso."

"Ine sindinama, mwanawe," anatero akupukuta kagalasi. "Diso silidziwa wachibale."

Masana wometa anatchinga mawindo ndi mataulo. Munadzaza. Munali aphunzitsi ena opuma ntchito, okonda kuyamba ndi "kunena mwachilungamo", munali telala ndi tepi yake m'khosi, ndi bambo wina wometedwa mbali imodzi yemwe anati mbali inayo idikire. A Tinaonakale anaima kumbuyo kwenikweni, pakhomo, manja atapinda.

Filimu inali ya mayi wogulitsa maambulera, yemwe mwamuna wake akufuna kuthawa pa basi. Inayenda, inayenda, mpaka mayi uja akuthamanga padepoti, basi ikuliza injini, mwamuna ali pakhomo la basi, dzanja latsala pang'ono kugwira malaya. Pomwepo pakona pa chithunzi panatuluka kadontho kofiirira, kanakula ngati pepala likupsa, phethi! Mayi uja wakhala pabenchi yekha, nsapato imodzi ya mwamuna ili m'manja. Basi kulibe.

Itatha, aphunzitsi anayamba kukonza kukhosi.

"Kunena mwachilungamo, mtsikana wayesetsa. Koma apo pavuta. Kompyuta inameza chidutswa. Filimu yabwino siidumpha pomwe anthu akufuna kuona."

"Sinameze," anatero telala. "Ine ndinaionapo imeneyi ndili mnyamata, yopanda mitundu, mu holo ya simenti muja. Inali ya sitima. Mayi kuthamanga, kenaka ali ndi chipewa m'manja. Wangosintha chipewa kukhala nsapato, ngati mmene ndimatembenuzira kolala."

"Ndiye walakwitsa kapena waba?" anafunsa wometedwa theka uja. "Sankhani chimodzi, mutu wanga ukuzizidwa."

Onse anatembenukira kukhomo. Mtsikana ankangoyang'ana tsitsi la pansi.

A Tinaonakale anatuluka, anapita patebulo lawo, n'kubwera ndi kachitini kosungiramo tizitsulo ta mawotchi. Pansi pake anatulutsa kachidutswa ka filimu kotalika ngati chala, kakuda, kopiringizika m'mphepete.

"Atelala, munaonadi. Koma eni ake filimu ija sanaidumphitse. Ndine. Tsiku loyamba makina anatentha, lamba wa filimu anapsa pomwe awiriwo amakumana. Pansi anthu akuimba malikhweru, ena akumenya mipando. Ndinadula ndi lumo, ndinamata, ndinayatsa. Milungu itatu tauni yonse inaonera yodumpha, ndipo anthu ankakangana m'misewu kuti kaya anamumenya, kaya anamukhululukira. Palibe anadziwa. Kupatula kamunthu kena kanali pa kreti."

Anakweza kachidutswako powala pamwamba pa taulo.

"Onani aphunzitsi, mwaphunzira ndinu. Apa akungogwirana chanza basi. Chanza! Mukanaona zimenezi mukanaiwala musanafike kunyumba. Kompyuta siipsa, akulu. Moto mwauona uwo mwanayu wachita kuujambula dala, pakona yomweyo ya kumanja, pomwe unayambira wanga."

"Komabe pakati yatalika," anatero aphunzitsi, osafuna kugonja.

"Yatalikadi! Maambulera aja tawawerenga mpaka kutopa. Nyimbonso ikuphokosera ngati galimoto yolengeza malonda. Iwe, ukadule zimenezo."

"Ndamva, ababa," anatero mtsikana, mano onse ali panja.

"Koma padepotipo usakhudze. Ukakhudza, usadzabwere kuti ndikukonzere wotchi."

Mkangano unayambiranso, tsopano wa nsapato. Telala ankati mayi anaivula mwamuna mwaukali, wometedwa theka ankati mwamunayo anaisiya dala kuti adzabwerere. A Tinaonakale ankangomvetsera, chifuwa chili patsogolo ngati tambala, kachidutswa kaja akukasisita ndi chala.

Wometa anawagwira paphewa.

"Tsono madala, tonse tadikira mawu athu aja. Lero pakamwa pauma? Imeneyi simunaione kale?"

"Ndinaiona kale, inde," anatero akukankha aphunzitsi kuti asendere pabenchi. "Koma ndinkaonera kumbuyo kwa makina, thukuta lili m'maso. Bwezera poyamba, mwanawe. Lero bambo ako akhala kutsogolo."