Kalata ya Umboni Imene Sindinaigwire

Ndinagwira ukalaliki kuboma zaka zambiri, ndipo ndinazolowera kuti chimene sichili papepala sichinachitike. Nditabwera kunja kuno, ku Wakefield, kudzakhala ndi mwana wanga wamkazi, namwino wa pachipatala, ndinabwera ndi mafayilo anga, n'kutsegulanso ina ya mdzukulu wanga wamkazi. Malipoti a sukulu, satifiketi ya kusambira, ngakhale kakalata komudzudzula chifukwa cha nsapato zosayenera, zonse ndinazisanja motsata madeti.

M'chaka chake chomaliza kusekondale, mtsikanayo anafuna kukaphunzira unamwino ku yunivesite ku Leeds. Fomu yofunsira malo inkafuna zinthu ziwiri: afotokoze zimene amachita akaweruka, ndipo mphunzitsi mmodzi amulembere kalata ya umboni. Ine ndinali nditamusankhira kale. Alembe za kwaya ya kutchalitchi, chifukwa inali ndi satifiketi, ndipo apemphe aphunzitsi a sayansi, mayi amene ankaoneka wamkulu pa onse. Ndinakonzeratu kathumba kapulasitiki koikamo kalatayo.

Mtsikana anandiseka. Anandiyankha m'Chingerezi, monga ankachitira, kuti kuno kalata sapereka pamanja. Aphunzitsi amaitumiza okha pa kompyuta. Yopanda chidindo, yopanda kope! Kwathu ahedi ankalemba, kusaina, kudinda, iwe n'kuilandira ndi manja awiri. Mlungu wonsewo mtima sunakhale pansi. Ndinkatsegula fayilo, kuitseka, kukasuzumira pawindo, kubwerera kudzaitsegulanso.

Kenaka panabwera china choposa pamenepo. Aphunzitsi aja anamuuza kuti mayeso amakhoza, koma iwo sakudziwa choti alembe za iye: salankhula m'kalasi, sayang'ana munthu kumaso, ndipo palibe chosonyeza kuti anasamalirapo wodwala. Ndinapsa mtima. Kuweramitsa maso pamaso pa akulu tinamuphunzitsa ndife, ndipo tinkanyadira nazo. Ndinatenga cholembera kuti ndilembe dandaulo, koma mwana wanga, mayi wa mtsikanayo, anandigwira dzanja.

"Ababa, mudandaulira yani? Amene anamuletsa kukamba za m'nyumba muno kusukulu ndinu."

Zinali zoona. Malemu akazi anga anadwala sitiroko zaka zitatu m'nyumba momwemo. Mayi ake akakhala kuntchito, mtsikanayu ndiye ankawasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kupita nawo kuchipatala ndi kuwamasulira zonena madokotala. Ndinkaopa kuti aboma akamva kuti mwana akudwazika munthu wamkulu, adzatilowera m'nyumba ndi mafunso. Choncho ndinati asauze aliyense, ndipo mwana waulemu anamvera.

Kunatsala masiku asanu kuti fomu itumizidwe. Ndinatulutsa fayilo ya malemu. Pa kalata iliyonse ya kuchipatala ndinali nditalemba ndi pensulo amene anawaperekeza tsikulo, ndipo pafupifupi paliponse panali dzina la mdzukulu wanga. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti zidziwike.

"Mwachedwa kufunsa, agogo," anatero m'Chichewa chake chopindika. "Valani jekete, tiyeni."

Titafika kusukulu, aphunzitsi anatsegula makalatawo imodziimodzi, osathamanga, ndipo ndinawayamikira mumtima chifukwa sanasokoneze madeti. Kenaka anafunsa mtsikana mmene ankawatembenuzira agogo ake aakazi pabedi. Anayamba wayang'ana pansi, kenaka anadzutsa maso n'kulankhula nthawi yaitali, akusonyeza ndi manja. Ndinatsala pang'ono kumukoka malaya kuti aleke kuyang'anitsitsa munthu wamkulu, koma ndinakanikiza dzanja pabondo. Anagwirizana kuti pa fomu kwaya ikhale mzere umodzi, kwinako alembe za agogo ake.

Potuluka ndinapempha kope la kalata ya umboni imene aphunzitsi anavomera kulemba. Aphunzitsi anati woyenera kupempha kuti aione ndi mwini wake, osati ine. Mwini wakeyo, mdzukulu wanga, anakana, akuti sakuifuna. M'basi yonse ndinamunyengerera, osatheka.

Yunivesite ya ku Leeds inamutenga. Kalata yomuitana ndinaisindikiza, ili m'fayilo. Kathumba kaja n'kopanda kanthu mpaka lero, ndipo nthawi zina ndimamukumbutsabe za kope lija. Pamwamba pake ndinamatapo kapepala: inalembedwa, inatumizidwa, sindinaione.