Injini Imene Inadya Zala za Amayi

Pa maliro a bambo anga anawerenga mbiri ya masamba anayi, koma ine ndi amayi munalibemo. Ndinakhala pansi kumbuyo, pamodzi ndi azimayi ongobwera kudzakhuza, ndikumvetsera. Akuti malemu anabadwira mu umphawi. Akuti anayamba ndi manja awo awiri, mpaka anakhala ndi zigayo, macheka a matabwa ndi fakitale yoyenga mafuta ophikira pa boma pa Dedza. Akuti anali bambo wokonda banja lawo, ndipo asiya mkazi mmodzi ndi ana anayi. Ineyo woyamba kubadwa, imvi zili mbuu m'mutu, sanandiwerenge. Ndinabwerera kumudzi mtima ukuwira, ndipo ndinalumbira kuti amayi sadzamwalira dzina lawo la ukazi waukulu lisanatchulidwe pagulu.

Sindiwanamizira abambo ulesi. Anali munthu wa ntchito. Anabwera m'mudzi mwathu, kunsi kwa phiri la Mphunzi, ngati mkamwini wa njinga imodzi ndi malaya awiri, akumapalasa matumba a kachewere kukagulitsa kumsewu waukulu. Tsiku lina anabwera ndi injini yakale ya dizilo pa ngolo, ya dzimbiri lokhalokha, anthu n'kumaseka. Amalume awo a amayi anawapatsa malo. Abambo ndi amayi anaimasula chitsulo chimodzichimodzi pa mphasa, kutsuka ndi parafini, kumanganso, mpaka inalira. Chimenecho ndiye chinali chigayo choyamba, ndipo manja amene anachimanga anali anayi.

Chigayo chitangoyamba kuyenda, abambo sankakhalitsanso pakhomo. Lero asaka dizilo, mawa akaona nkhalango ya paini, mkuja akumana ndi akuluakulu. Amene ankakhala ndi injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze, anali amayi. Ankaidziwa kuposa mmene ankadziwira amuna awo. Injini imeneyo inkadana ndi chisanu. M'mwezi wa Juni, nkhungu itatsika paphiri, ukanapukusa handulo mpaka msana kuthyoka, yokha inkangotsokomola. Amayi ankaviika chitsononkho m'dizilo, kuchiyatsa, n'kuchigwira pakamwa pomwe injini imakokera mpweya, wina akupukusa. Ikameza kamoto kaja inkadzuka.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene lamba wa injini anawagwira. Kunali ukwati m'mudzi woyandikana nafe, mzere wa madengu utafika mpaka panjira. Lamba anayamba kuterereka, ndipo amayi, posafuna kuzimitsa injini anthu akudikira, anamukankha ndi dzanja kuti abwerere. Ndinamva kukuwa kumodzi kokha. Kuchipatala anabwerako ndi chala chachikulu ndi kachala kakang'ono basi, zapakati zitatu palibe. Bala lisanapole bwino anali atabwerera kale pachigayo.

Abambo sanawakalipire. Anachita choipa kuposa pamenepo. Akabwera ndi alendo a mataye kudzawaonetsa pomwe anayambira, ankanong'oneza amayi kuti, “Dzanjalo mufunde.” Amayi anaphunzira kulonjera alendo atagwada patali, dzanja lamanja lili m'chitenje. Kenako abambo anati akukayang'anira chigayo chachiwiri pa boma. Ankabwera Loweruka lililonse, kenako pakutha pa mwezi, kenako tinangomva kwa anthu ochokera ku Misa kuti ukwati wawo ndi mwana wa aphunzitsi ena waulutsidwa. Ukwati wa amayi unali wa ankhoswe okha. Wa ukowo unali wa mphete, wa zithunzi, wolembedwa m'buku. Injini yakale anaisiya chifukwa anali atagula zamagetsi, ndipo ndi imeneyo inandilera.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mbiri ija sinaname ponena kuti ankakonda banja. Ndinawaona ndi maso anga pamsika wa pa boma, mwana wamwamuna ali paphewa, akumugulira nthochi, akuseka mano onse panja. Ankatha kukonda. Ife anangotichotsamo. Nditapeza banja ndinapita kufakitale kukawauza. Ndinadikira pa geti kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa litapendeka mlonda anabwera ndi chigubu cha mafuta ophikira, ati abwana atanganidwa koma akuti mafuno abwino. Ndinachitsegula pomwepo n'kuthira onse m'ngalande, mlonda akuyang'ana. Amayi atamva anandikalipira kuti ndine chitsiru, mafuta sanandilakwire kanthu.

Patatha pafupifupi chaka chimwalirireni abambo, pakhomo pathu panaima galimoto yoyera ndi lole. Anatsika mwana wamwamuna uja wa paphewa, tsopano ali ndi mimba yakeyake ya ubwana. Ndi mlongo wanga wa bambo mmodzi, koma anandilonjera ngati wogulitsa tomato.

“Mayi, tamva kuti kuno kuli injini yakale ya adadi. Tikufuna tikaiike pa geti la fakitale ngati chikumbutso.”

Ndinafuna kumuthamangitsa ndi mpini wa khasu. Koma ndinayamba ndafunsa kuti mwambowo udzachitika liti. Anati mwezi wamawa, Juni, m'mamawa ndithu, chifukwa mlendo wolemekezeka adzakhala akupitirira ulendo. Anawonjezera kuti iyeyo ndiye adzailize pamaso pa anthu, monga ankachitira adadi. Apo mtima wanga unakhala pansi, ndinamwetulira mpaka iye anamwetuliranso.

Amayi anali asanaitaye injiniyo. Ngakhale chigayo chinatsekedwa kale, ankaipukuta ndi kuiliza mwezi uliwonse kuti isagwire dzimbiri. Tsikulo linali la dzuwa, masanasana, malata a shedi atatentha. Ndinamusonyeza popukusa ndi kachitsulo kamene amatsitsa kuti injini idzuke, ndipo inalira kamodzi n'kamodzi. Za moto sindinatchule. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, mipando iwiri pamwambopo. Anavomera mosafunsa kuti ndi ya yani.

Amayi anakana kupita. Anati akalamba, alibe nsalu yabwino, ndipo sakufuna kusokoneza zinthu za eni. Ndinawanyengerera sabata yathunthu kuti akangoona pomwe injini yawo yakhala. Sindinawauze zimene zinali mumtima mwanga. Ndinkafuna mwana wa paphewa uja achite manyazi pamaso pa alendo ake, kenako ine ndiimirire n'kunena zonse zimene ndinakhala ndikuzibwereza ndekha kumunda chaka chonse.

Tsiku la mwambolo nkhungu inaphimba phiri la Dedza mpaka m'tsinde. Anthu m'matenti anali atakumbatira manja m'khwapa. Injini anaipaka penti wobiriwira, anaikhazika pa simenti, ndipo pansi pake panali chikwangwani chonena kuti ndi injini imeneyi ndi manja awo awiri malemu anayamba zonse. Mipando yathu inali yomalizira, pafupi ndi geti pomwe mayi wina ankawotcha chimanga. Kutsogolo kunakhala amayi amasiye aja a mphete, atavala zakuda zonyezimira, ana awo mbali iyi ndi iyo.

Zolankhula zitatha, mlongo wanga anavula jekete, n'kugwira handulo. Anapukusa, injini inatsokomola n'kukhala chete. Anapukusanso, chimodzimodzi. Kachisanu thukuta linali litanyowetsa malaya, tayi ili kumsana. Woyendetsa mwambo anapempha kwaya kuti iimbeko kaye. Amakanika a kufakitale anathamangira pomwepo, akulumbira kuti dzulo masana inalira bwinobwino. Kwaya inamaliza nyimbo yachiwiri. Mlendo wolemekezeka anayang'ana wotchi. Sindibisa, ndinakondwa. Ndinamva kukoma mpaka m'mafupa, ndipo ndinafuna kuti zipitirire mpaka madzulo.

Kenako makanika mmodzi anatenga sipanala n'kuyamba kumenya pampu ya dizilo. Amayi anandigwira bondo.

“Akuipweteka,” anatero.

“Asiyeni, amayi. Ndi yawo.”

Sanandimvere. Anadzuka, anapempha chitsononkho kwa mayi wowotcha chimanga uja, nayenda pakati pa matenti pang'onopang'ono, anthu akudabwa kuti gogoyu akupita kuti. Ndinawatsatira. Atafika anauza makanika kuti achotse sefa ya mpweya, anaviika chitsononkho m'dizilo, n'kupempha machesi. Ntchito imeneyo imafuna manja onse awiri. Chitenje chinagwa paphewa, ndipo dzanja limene anakhala akulibisa kwa alendo kuyambira ndili mwana linaonekera pamaso pa anthu onse aja.

“Pukusani, bambo,” anauza mlongo wanga. “Musaleke mpaka ndinene.”

Iye anapukusa. Amayi anagwira chitsononkho choyaka ndi zala zawo ziwiri pakamwa pa injini, dzanja lamanzere lili pa kachitsulo kaja. Anamvetsera, mutu atapendeketsa, kenako anatsitsa. Injini inameza moto, inagunda kawiri, n'kulira mpaka simenti kunjenjemera. Utsi wakuda unalowa m'tenti ya kutsogolo, akuluakulu n'kumatsokomola m'mipango yawo. Antchito a kufakitale anayamba kuliza nthungululu ndi makhweru.

Atazimitsa, mlendo wolemekezeka anadzuka yekha kukawagwira chanza. Amayi anayang'ana chitenje pansi, koma anali atachedwa. Anapereka dzanja lomwelo. Bamboyo analigwira ndi manja awiri, analiyang'ana, kenako anafunsa pa chimkuzamawu.

“Kodi agogowa ndi ndani?”

Woyendetsa mwambo anasanthula mapepala ake. Mlongo wanga anatsegula pakamwa, koma sankadziwa. Mawu anga a chaka chonse anali pakhosi, okonzeka. Ndinawameza. Ndinazindikira kuti ndikanena ine, mawa adzati kunabwera mayi wina wamisala wa kumudzi. Ndinangotembenuka n'kuyang'ana amayi amasiye aja, osaphethira. Mlendoyo anayang'ana komwe ndinayang'ana, kenako tenti yonse. Woyendetsa mwambo anawapititsira chimkuzamawu.

Amayi amasiyewo anachilandira monyinyirika. Sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

“Ndi akazi aakulu a malemu,” anatero pomaliza. “Chigayo choyamba ankayendetsa ndi iwowa. Zalazo zinatsalira pa injini yomweyi. Amene aima pambali pawoyo ndi mwana woyamba wa malemu.”

Mlongo wanga anandiyang'ana, anayang'ana amayi ake, kenako chikwangwani chija. Wina anathamanga kukatenga mipando iwiri kuti atiike kutsogolo, koma amayi anati akufuna azipita dzuwa lisanakwere, nkhuku sanazitsegulire. Anasisita injini pamwamba kamodzi, n'kuuza makanika kuti asamaimenye.

M'minibasi ndinkalephera kukhala bwino. Ndinkaseka ndekha, ndikukumbukira tayi ija kumsana ndi utsi m'tenti. Amayi ankangoyang'ana minda ya kachewere pawindo. Titapatuka pamsewu waukulu sindinathenso kupirira.

“Mwamva, amayi? Anena okha. Anthu onse amva kuti ndinu akazi aakulu.”

“Ndamva, mwanawe.”

“Ndiye simukukondwa?”

Anatenga chitenje n'kukulunganso dzanja lija, chifukwa chisanu chimawaluma pazipsera.

“Mayi uja wachita bwino,” anatero. “Koma pakamwa pomwe ndinkadikira kuti panene zimenezo, munapakwirira chaka chatha.”

Kuseka kunandithera pomwepo. Ndinali nditagonjetsa mkazi wamasiye ndi mwana amene sankadziwa n'komwe kuti tilipo. Mwini mlandu anali atagona m'bokosi lake lodula, ndi mbiri yake ya masamba anayi, osachitapo manyazi ngakhale tsiku limodzi. Sindinawakhululukire abambo, ndipo sindikuona kuti ndidzatero. Tinatsika pasiteji, tinayenda wapansi mpaka kumudzi, ndipo amayi atatsegulira nkhuku anakaima pakhomo pa shedi, akuyang'ana mabawuti anayi amene anatsala pa simenti pomwe pankakhala injini.