Ndinabisa ululu pamaso pa dokotala

Ine ndinadzidyera ndekha chipukuta misozi changa chifukwa chofuna kuoneka mwamuna. Palibe amene anandibera, inu owerenga, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandiwawa mpaka lero pamene ndakalamba.

Nkhondo ya Ajeremani itangotha, ndinali mnyamata wamphamvu, wocheka matabwa a mkungudza m'phiri kumtunda kwa Fort Lister. Ntchito inali ya mzungu wina wogulitsa matabwa. Tinkacheka awiriawiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, sowo ikulira ngati ikuyimba. Fungo la mkungudza linkatikanirira m'malaya, moti mkazi wanga Esinati ankanena kuti amandimva ndisanafike pakhomo. Ndinali nditangolowa chikamwini kwawo, m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo Loweruka ndinkatsika ndi mchere ndi sopo, madzulo ake n'kukavina tchopa mpaka fumbi kobo. Masiku amenewo ndimawasowa.

Tsiku lina mtengo wochirikiza unathyoka ine ndili m'dzenje, chipika n'kundipsinja phewa ndi mkono wamanja. Ndinakhala kuchipatala milungu ingapo. Fupa linalumikizana, koma mkono sunkakwera kupitirira phewa, ndipo zala ziwiri zinali dzanzi. Kenaka kapitawo anabwera ndi uthenga woti ndikaonekere kwa dokotala wa boma ku Mulanje, kuti andiwerengere chipukuta misozi.

Muyenera kumvetsa mmene mkamwini ankakhalira. Akulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Pamudzi pa eni ake umakhalapo chifukwa cha khasu lako. Choncho pamene a Makawa, malume ake a Esinati, anati andiperekeza, mtima wanga unangoti myuu. Ndinadziuza kuti akufuna akamve okha ngati ndalumala, kuti andipirikitse mwana wawo akwatiwe ndi wina. Komanso kusimba, ku chinamwali, anatiphunzitsa kuti mwamuna sabuula pamaso pa anthu, makamaka pa akuchikazi.

Dokotala anali mzungu wodekha, womasulira ali pambali pake, a Makawa atakhala pabenchi chipewa chili pabondo. Anandiuza kuti ndikweze mkono. Ndinaluma mano n'kuukweza mpaka m'mwamba, m'maso muli gwaa ngakhale ndinkaona nyenyezi. Anati ndifinye dzanja lake, ndinafinya ndi zala zitatu zotsalazo ndi mphamvu zanga zonse. Atafunsa ngati pali pomwe pakupweteka ndinayankha kuti ndachira, mawa lomwe ndikhoza kugwira sowo. A Makawa anatsokomola kawiri, ine osatembenuka.

Kalaliki wa kwa DC, a Saidi, ndi amene anandifotokozera mawerengedwe ake, pepala litalembedwa kale. Anati amatenga malipiro a munthu a pamwezi, n'kuchulukitsa ndi miyezi imene lamulo linaika kwa munthu amene sadzagwiranso ntchito. Pa ndalama imeneyo amakupatsa gawo lolingana ndi mphamvu zimene dokotala walemba kuti wataya. Wotaya mkono amalandira gawo lalikulu, wotaya chala kagawo kochepa. Malipiro anga anali ochepa kale, popeza ankangowerenga za pa tikiti ya ntchito, osati zitseko ndi mipando imene ndinkapala kunyumba. Tsono dokotala anandiika m'gulu la anthu ongovulala pang'ono. A Saidi anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, “Achimwene, mukadinda chala apa nkhani yatha. Simudzabweranso.” Ndinadinda. Ndalama yake inangokwana bulangeti, mbuzi imodzi ndi msonkho.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Titapuma pamthunzi, a Makawa anati, “Akamwini, mkazi wanu anatiuza mmene mumabuulira mukamatembenuka pamphasa. Ife tinabwera kudzakuikirani umboni kuti mulandire zokwanira, mugule makina osokera muzidya muli khale. Nanga tikanalankhula bwanji inu mukuti mwachira?” Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa ululu wa chipika chija.

Sowo sindinaigwirenso. Dzinja litafika ndinayesa khasu, koma mizere isanu yokha mkono unkatupa. Chaka chachiwiri unayamba kuwonda. Ndinabwerera ku boma, a Saidi n'kungondionetsa chidindo cha chala changa.

Palibe anandipirikitsa pamudzi paja. Zimene ndinkaopazo zinali m'mutu mwanga mokha. Esinati ndiye anatenga khasu langa kuwonjezera pa lake. Ankalima chimanga ndi nandolo, mwana kumbuyo, ine ndikutsatira ndi kambale ka mbewu m'dzanja lamanzere. Ankaseka n'kumati anakwatiwa ndi kapitawo. Tinali osauka, koma sindikumbukira tsiku limene anandinyoza.

Inu owerenga, mukavulala pa ntchito kapena pamsewu, dziwani kuti owerengera ndalama saona mkono wanu, amaona zimene dokotala walemba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nenani paliponse pamene pakupweteka, nenani ntchito zonse zimene munkadyera, ndipo musasaine bala lisanaonetse mapeto ake. Amene wakuperekezani mumufunse chimene wadzera, musamuganizire.

Esinati anamwalira msana utapindika, asanakalambe kwenikweni. Ine ndinakweza mkono kamphindi kamodzi kokha pamaso pa dokotala, koma amene analipira ndi Esinati, moyo wake wonse.