Chikhomo cha Cyprian

Pa msika wa Lizulu, chakumunsi komwe amaunjika kachewere, pamakhala bambo wina wamtali, wosayankhulayankhula, dzina lake Cyprian. Ogula amamukonda chifukwa ndowa yake si yopindikira mkati kunsi ngati za anzake, koma akwawo a ku Mlangeni akamadutsa amangomupatsa moni chapatali. Munthu ameneyu akanakhala injiniya. Chinamutsalira chaka chimodzi chokha, ndipo mmene chinamupulumukira n'zopsetsa mtima.

Mu 1978 anali m'chaka chachitatu ku sukulu ya ukachenjede ku Blantyre, woyamba m'mudzi mwawo kuponda kumeneko. Chaka chimenecho anayamba phunziro la kayendedwe ka madzi, ndipo analiderera. Madzi? Iye wokulira kudimba, wothirira kabichi chiyambire ali wa kabudula wong'ambika? Mayeso oyamba anagwa chagada. Manyazi atamugwira, anayamba kuswera m'chipinda choyeseramo zinthu, momwe munali timachubu tagalasi toimirira pa paipi imodzi. Akathiramo madzi, ankakwera m'timachubu tonse n'kuima pamzere umodzi, kaya kachubuko n'konenepa, kaya n'kopindika.

"Madzi sanyengereka," ankatero mphunzitsi wawo. "Popanda pampu, sakwera kupitirira pomwe achokera."

Cyprian analikonda phunziroli moti mayeso otsatira anaposa anzake onse. Anabwera kutchuthi cha Ogasiti mutu uli wodzaza ndi madzi.

Kumudzi anapeza anthu ali kalikiliki kukumba ngalande. Tcheyamani wa nthambi ya chipani, a Redson, anali atapeza mapaipi, ndipo analamula kuti madzi achoke ku kasupe wa m'mbali mwa phiri, atsike m'chigwa, akwere mpaka pachitunda pomwe pankachitikira misonkhano ya chipani. Pachitundapo, mwangozi kaya, ndi pomwenso panali nyumba ya a Redson. Banja lililonse linali ndi ndime yake yokumba. Amayi ake a Cyprian, a Lufina, manja anali matuza okhaokha.

Cyprian anayang'ana kasupe, nayang'ana chitunda, mtima n'kumuuza kuti pali cholakwika. Anabwereka paipi yaitali yoonekera mkati, naidzaza madzi, nayamba kuyeza kutalika kwa malo pang'onopang'ono kuchokera kukasupe. Anatha masiku atatu. Chitunda chinaposa kasupe ndi msinkhu wa anthu awiri. Pamalo pomwe anapeza kuti madzi adzalekezera, pafupi ndi mtengo wa msuku, anasema kamtengo n'kukakhomera pansi ndi mwala, monga amachitira oyeza malo onse. Azimayi atatu ochokera kotola nkhuni anamuona atagwada, akukhoma, milomo ikugwedera powerengetsa manambala.

Apa ndi pomwe sukulu inamupusitsa. Anali ataiwala kuti kwawoko munthu sakhoma chikhomo pamalo a eni popanda cholinga. Zikhomo amakhoma ndi asing'anga potsirika mudzi, kapena munthu woipa mtima pofuna kumanga zinthu za anzake.

Bambo ake, a Goliati, atamva zomwe wapeza anagwira pakamwa. "Zimenezo zithere m'nyumba muno. Iwe kwako n'kubwerera kusukulu. Tisiye tikumbe."

"Nanga amayi azingovutika ulele?"

"Avutike. Matuza amapola."

Sanamvere. Anapita kwa a Redson anthu ali pantchito, nanjuta mwaulemu wonse. "Bambo tcheyamani, pepani kulowerera. Madziwa safika pachitunda. Akalekezera pamsuku paja, ndakhomapo chizindikiro. Mpope ukanakhala chakumunsi, bwenzi zikuyenda."

A Redson anaseka mokweza kuti onse amve. "Mwamumva mwana wa a Goliati? Akuti chitukuko sichifika kuno. Mwana iwe, unayamba kulamula madzi liti?"

Tsiku lotsegulira mpope linafika kutatsala sabata kuti sukulu zitsegulidwe. Kunabwera alendo a kuboma pa Landirova, azimayi anavina atavala nsalu zachipani, amuna anaponda gule wa ngoma fumbi koboo. Mlendo wolemekezeka anapotokola mpope. Unangoti fyuu, kampweya, basi. Anadikira. Nyimbo zinayamba kuzilala imodziimodzi. Okonza anayamba kumasula mapaipi, mfundo ndi mfundo, kutsetsereka nacho chitunda, khamu likuwatsata. Onse anali ouma. Atafika pamsuku, madzi anali phee m'kamwa mwa paipi, pafupi penipeni ndi chikhomo, osapitirira ngakhale phazi limodzi.

Cyprian anamwetulira. Kanali kakumwetulira kakang'ono ka mwana wasukulu amene samu yamutheka, koma anthu anakaona.

"Si uyu akusekayu!" anakuwa mayi wina mwa otola nkhuni aja. "Tinamuona ndi maso athu akukhoma, akunong'ona!"

Kaya a Redson anakhulupirira zimenezo, kaya ayi, akudziwa okha. Chomwe ankafuna ndi munthu woti asenze manyazi awo pamaso pa alendo, ndipo anamupeza. Kumudzi inali nkhani ya ufiti. M'kalata yomwe inapita kuboma inali nkhani ya wophunzira wosokoneza chitukuko ndi kunyoza chipani. Masiku amenewo mawu otero sankafuna mboni. Cyprian anatengedwa Lachitatu lake, nakhala m'chitokosi miyezi isanu ndi umodzi osaonekera kukhothi. Potuluka anapeza kalata yakuti malo ake kusukulu aimitsidwa kufikira akuluakulu a kwawo atalemba kuti wasintha. Woyenera kulemba kalata yoteroyo anali a Redson omwewo.

Anapitako kawiri. Yankho linali limodzi: "Ukamasule madzi athu kaye."

Mmawa wina akupalira kachewere, a Lufina anaimika khasu n'kumuyandikira. Anayankhula motsitsa, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi yemwe anakangana naye.

"Mwananga, ine sindikukuda. Mwina anakupsetsa mtima pokuseka pagulu paja. Koma zakwana. Kazule chikhomo chija, madzi apite, ubwerere kusukulu."

"Amayi, inunso?"

"Nanga unadziwa bwanji poti adzaime?"

Anayamba kufotokoza za kasupe ndi kutalika kwa chitunda, koma ataona nkhope ya amayi ake analeka. Iwo ankangodikira kuti amalize kuzemba. Chinamupweteka kuposa chitokosi.

Ankadziwa bwino lomwe kuti kuzula chikhomo n'kuvomera mlandu, ndiponso kuti madzi sasuntha. Koma khomo lina lobwererera ku Blantyre panalibe, ndipo amayi ake anali kulira. Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, anapita pamsuku mudzi wonse ukuonerera. Chiswe chinali chitadya kale kamtengoko, moti kanazuka ndi zala ziwiri. Anthu anathamangira pachitunda, a Lufina patsogolo, chitenje chili m'manja. A Redson anatsegula mpope mpaka kumapeto. Anadikira dzuwa mpaka kupendeka.

Kenako a Redson anatembenuka, nayang'ana khamu lija.

"Mwaona nokha. Wavomera kuti ndi iyeyo, koma wazula chimodzi chokha. Zina wabisa."

Cyprian anafunafuna maso a amayi ake pakati pa anthuwo. Anawapeza akumuyang'ana, ndipo a Lufina anafunsa: "Zinazo unakhoma pati, mwananga?"