Chingwe chomwe sindinamange

Alamu anga a ku Golomoti anamangirira mfuti ya gogodela pamphanda, kuloza njira ya anyani, kuti aziwombera patali pokoka chingwe ali kuseri kwa chulu. Ankati luso limeneli akalembetsa kuboma kuti wina asawabere.

"Alamu, kamangeni chingwechi pamfutipo," anandituma.

Ndinayandikira. Mfutiyo inali yadzimbiri, ndipo ndinkangoona ikundiphulikira kumaso. Chingwecho ndinangochisiya paudzu n'kubwerera.

"Mwamanga?"

"Zolimba."

Anyani anatsika, ife osapuma. Alamu anakoka mwamphamvu, chingwe n'kubwera chikukwawa mpaka pamapazi pathu. Anyani anapita ndi chimanga cha alamu cha chaka chonse.

Mpaka lero amauza anthu kuti anyaniwo ndiwo anamasula. Ine ndimakhala woyamba kuchitira umboni.